Njinga ya matayala anayi ikumazima ikakoka katundu: vuto lili pa mafuta kapena pa moto?

Mlondamunda analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za injini. Ndili ndi njinga yamoto ya matayala anayi, ija ambiri amaitcha ATV kapena quad, ya silinda imodzi ya 350cc. Ndi ya kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo ilibe pampu ya mafuta, popeza thanki ili pamwamba pa injini, choncho petulo amangotsika yekha kudzera pa kampopi kamene kali ndi malo atatu, ON (kutsegula), OFF (kutseka) ndi RES (kugwiritsa ntchito mafuta otsalira pansi pa thanki). Ndimaigwiritsa ntchito poyendera minda ndi pokoka kangolo, kotero masiku ambiri imakhala m'fumbi kapena m'matope.

Kwa masabata atatu tsopano yakhala ikundizunguza mutu. M'mawa imalira msanga popanda kuvuta, ndipo ndikamayenda pang'onopang'ono pamalo osakwera imatha theka la ola ili bwinobwino. Koma ndikaipatsa moto wambiri, makamaka pokwera chitunda nditamangirira kangolo kodzaza, pakangotha mphindi 10 kapena 15 imayamba kujejema ngati ikutsamwa, mphamvu imachepa pang'onopang'ono, kenako imazima. Ndikayesa kuiliza pomwepo sitata imazungulira bwino koma injini siigwira. Ndikakhala pansi n'kudikira mphindi zisanu kapena kuposerapo, imaliranso ngati palibe chimene chachitika, ndipo imayenda kanthawi n'kubwerezanso zomwezo. Chinthu china chimene ndaona n'chakuti ikayamba kujejema, ndikakoka choki imapezako mphamvu kwa masekondi angapo isanazime.

Ndasintha kale pulagi, ndatsuka fyuluta ya mpweya, ndipo ndaikapo fyuluta yatsopano ya mafuta pa paipi yopita ku kabuleta. Makaniko amene ndinamupatsa njingayi watsuka kabuleta kawiri konse, koma vuto silinasinthe, ndipo tsopano akunena kuti tigule koyilo ndi CDI zatsopano, zipangizo zamagetsi zimene zimapereka moto ku pulagi, chifukwa akuganiza kuti zikatentha zikumadula motowo. Mtima wanga sukuvomereza kugula zipangizo mongoyerekeza. Ndiyeneranso kunena kuti njingayi inaima miyezi inayi osayenda, thanki ili ndi petulo wofika pakati, ndipo vutoli linayamba patapita masiku ochepa nditayambiranso kuigwiritsa ntchito.

Funso langa ndi lakuti, kodi pali njira yoti ndidziwire ndekha ngati injini ikuzima chifukwa chosowa mafuta kapena chifukwa chosowa moto, ndisanagule chilichonse? Ndipo ngati ndi mafuta, ndiyambire pati?

Chisipanala anayankha kuti:

A Mlondamunda, mwafotokoza bwino kwambiri, ndipo musagule kaye koyilo kapena CDI. Njira yodziwira ilipo, koma imafuna kuti muyeze njingayo pa mphindi yeniyeni imene yazima, osati madzulo ili m'galaja itazizira. Apa ndi pamene amakaniko ambiri amasocherera, chifukwa njinga imawapeza vuto litabisala kale, ndiye amatsuka kabuleta imene mwina inalibe mlandu.

Pansi pa kabuleta pali kambale kosungira petulo, ndipo m'kati mwake muli fuloti imene imatsegula ndi kutseka kasingano kolowetsa mafuta. Injini siimwa mafuta a m'thanki mwachindunji, imamwa a m'kambale kameneka. Ngati mafuta olowa m'kambale ndi ochepa poyerekeza ndi amene injini ikutulutsamo, kambaleko kamaphwa pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake mukamayenda mwachifatse njinga imapirira koma mukakwera chitunda ndi katundu imagonja msanga. Mukadikira mphindi zisanu kambale kamadzazanso ndi timadontho tija, injini n'kulira. Zimene mwanena za choki zikugwirizana ndi maganizo amenewa, pakuti choki imachititsa kuti injini ilandire mafuta ambiri poyerekeza ndi mpweya, ndipo injini imene ikupezako bwino mukakoka choki imakhala ikukuuzani kuti ili ndi njala. Injini ya petulo imafuna mpweya wolemera pafupifupi magawo 14.7 pa gawo limodzi la mafuta, ndipo mafuta akachepa kwambiri moto wa pulagi ngakhale utakhala wamphamvu bwanji sungayatse kanthu.

Chitani chonchi. M'mawa injini isanalire, tsegulani kampopi pa ON kwa mphindi imodzi, kenako katsekeni pa OFF. Pansi pa kambale pali kabawuti kotulutsira mafuta ndi kapaipi kolendewera. Lowetsani kapaipiko m'botolo loonekera m'kati, masulani kabawutiko, ndipo mafuta onse akatuluka lembani mzere pa botolo pamene afika. Umenewo ndiwo muyezo wa kambale kodzaza. Kenako tengani botololo, sikuludiraiva ndi pulagi yanu yakale, mupite ku chitunda chimene njinga imazimira. Ikangozima, chinthu choyamba ndi kutseka kampopi pa OFF nthawi yomweyo, musanachite china chilichonse, chifukwa mukachedwa ngakhale mphindi imodzi kambale kayamba kudzaza ndipo umboni wanu utayika. Mukatero zulani waya wa pulagi, mulowetse pulagi yakale ija, muigunditse pa chitsulo cha injini n'kuzungulitsa sitata kuti muone moto. Yambani ndi moto musanatulutse mafuta, pakuti sibwino kuthwanimitsa pulagi pamalo pamene petulo watayikira kale. Pomaliza tulutsani mafuta a m'kambale m'botolo muja, mukusamala kuti asadonthere pa ekizozi yotentha, ndipo muyerekeze ndi mzere wa m'mawa.

Ngati kambale kali kodzaza koma moto palibe, makaniko wanu akunena zoona ndipo mufufuze mbali ya magetsi. Ngati kambale kali kodzaza ndipo moto ulipo, vuto lili m'kati mwa kabuleta kapena m'mafuta enieniwo. Koma ngati mwatuluka timafuta tochepa, monga mmene ndikuganizira, ndiye kuti vuto lili pakati pa chivindikiro cha thanki ndi kasingano ka fuloti, ndipo mtunda umenewu ndi waufupi.

Muyambire pa chivindikirocho. Petulo akamatsika m'thanki, mpweya uyenera kulowa kuti utenge malo ake, ndipo pa njinga zambiri zamtunduwu umalowera pa kapaipi kochokera pamwamba pa chivindikiro n'kulowa pakati pa chiwongolero. Kapaipi kameneka kakapindika, kakadzaza matope, kapena mavu akamangamo chisa cha dothi pamene njinga yaima nthawi yaitali, thanki imayamba kukoka mafuta m'malo mowalola kutsika, monga mmene madzi amakanira kutuluka m'botolo lozondoka limene lili ndi kabowo kamodzi kokha. Njinga ikazima, mutatseka kale kampopi, masulani chivindikirocho pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Mukamva mpweya ukulowa ndi kaphokoso, mwapeza wolakwa mmodzi.

Mukachoka pamenepo yezani mmene mafuta akutsikira. Zulani paipi pa kabuleta, muilowetse m'botolo, chivindikiro chili chotseka monga poyenda, ndipo mutsegule kampopi pa ON. Musangoyang'ana masekondi asanu n'kunena kuti mafuta akubwera, chifukwa ngakhale njira yotsekeka imayamba ndi mphamvu potulutsa mafuta amene anaunjikana m'paipi. Alekeni atuluke mphindi ziwiri kapena zitatu mukuona ngati akuchepa. Muyezo umene ine ndimatsatira ndi wakuti botolo la theka la lita lidzaze pasanathe mphindi ziwiri, mafuta akutuluka mosadukiza. Bwerezani pa RES, kenako bwerezaninso mutachotsa fyuluta yatsopano ija. Ndikunena zimenezi chifukwa fyuluta zina zinapangidwira galimoto zimene zili ndi pampu yokankha mafuta, ndipo pa njinga imene mafuta amangotsika okha fyuluta zoterezo zimakhala ngati chotsekera, makamaka ikaikidwa mozondoka, kamuvi kake kakuloza ku thanki m'malo moloza ku kabuleta.

Ngati mafuta akutsikabe mofooka fyuluta mutaichotsa, tsanulani thanki n'kumasula kampopi konse. Pamwamba pake, mbali imene imakhala m'kati mwa thanki, pali tisefa tiwiri, kena kataliko ka ON ndi kena kafupi ka RES. Anthu amatha zaka akutsuka kabuleta osadziwa n'komwe kuti tisefa timeneti tilipo.

Nangozo anayankha kuti:

Bambo Chisipanala afotokoza mwadongosolo, ndipo ine ndingotsindika mfundo ya miyezi inayi imene njinga inaima, chifukwa ndikuona kuti gwero la nkhani yonse lili pamenepo. Ndimayang'anira njinga zitatu zoterezi, ndipo mavuto athu ambiri amabwera njinga ikaima, osati ikamagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Petulo akakhalitsa m'thanki yosadzaza, mbali yake yopepuka imauluka, ndipo yotsalayo imayamba kuda n'kusiya utomoni wofiirira umene umamata pa tisefa ndi m'timabowo ta kabuleta. Fungo lake limasinthanso, limakhala ngati la vanishi wopaka matabwa. Kuwonjezera apo, petulo wa m'mayiko ambiri masiku ano amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Madzi akachuluka, ethanol ndi madziwo zimapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pamene kampopi kamakokera, makamaka mukaika pa RES. Choncho mafuta amene mutulutse m'kambale musawataye msanga. Aikeni m'botolo lagalasi, muwasiye mphindi 10, ndipo muyang'ane pansi pake. Madzi amalemera kuposa petulo, motero amaoneka ngati kadontho kozungulira kogubuduzika pansi pa botolo kapena ngati mzere wosiyana mtundu. Kadontho kotere kakakhala m'kambale kamatha kukhala phee njinga ikamayenda posalala, koma pa chitunda kamasuntha n'kutseka jeti yaikulu, kabowo kamene mafuta amadzerapo pochoka m'kambale mukaipatsa moto wambiri, injini n'kuyamba kutsamwa ngakhale kambale kali kodzaza.

Yang'ananinso paipi ya mafuta yeniyeniyo. Ndinaonapo paipi yooneka yabwino kunja koma labala wa m'kati atatupa n'kusendeka, moti kachidutswa kake kankatseka njira mafuta akamathamanga n'kutsegukanso akaima. Tinaizindikira titaidula ndi mpeni m'litali. Komanso kabuleta ili ndi timapaipi tina topumira timene timalendewera pansi pa injini, ndipo pa njinga yoyenda m'matope timatsekeka kawirikawiri. Tikatsekeka, mafuta a m'kambale sakwera bwino kupita ku majeti.

Komabe sindingachotseretu maganizo a makaniko wanu. Njinga yathu ina inkazima ikatentha n'kuliranso ikazizira, ndipo titavutika ndi mafuta kwa sabata yathunthu tinapeza kuti kakoyilo kakang'ono ka pambali pa fulaiwilo, kamene kamauza CDI nthawi yotulutsa moto, kankaduka m'kati kakatentha. Kusiyana kwake n'kwakuti imeneyo inkazima mwadzidzidzi ngati munthu watseka kiyi, popanda kujejema, ndipo choki sinkathandiza chilichonse. Yanu ikufa pang'onopang'ono, choncho ndikugwirizana ndi bambo Chisipanala, koma moto muuyezebe pa chitunda pomwepo monga anenera.

Wamagiya anayankha kuti:

Njinga ya a Mlondamunda ndi ya mtundu wosavuta, koma popeza ena owerenga pano ali ndi njinga zopangidwa mosiyana, ndiloleni ndiwonjezere, chifukwa kuyeza kozula paipi kuja kungawasocheretse.

Pali njinga za kabuleta zimene kampopi kake kamatsegulidwa ndi kukoka kwa injini. Mungazizindikire poona kuti kampopiko kali ndi mapaipi awiri, ina ya mafuta ndi ina yopyapyala yopita ku khosi la kabuleta, ndipo m'malo mwa OFF nthawi zambiri pamalembedwa PRI. Pa njinga zotere mukazula paipi injini ili chete, pa ON sipatuluka kanthu, ndipo zimenezo si vuto. Yezani pa PRI, pamene mafuta amadutsa okha. Ngati njinga ikuyenda bwino pa PRI koma ikuzima pa ON, kapaipi kopyapyala kaja kang'ambika kapena kalabala ka m'kati mwa kampopi kauma. Kalabalako kakabooka zimachitika mosiyana, pakuti petulo amadutsa m'kapaipi kopyapyala n'kulowa mu injini mopitirira muyezo, pulagi n'kuda bii ndi mwaye, utsi n'kumanunkha petulo. Mukazula kapaipiko n'kupeza konyowa ndi mafuta, musafufuzenso kwina.

Palinso njinga zimene thanki yake ili m'munsi kapena mofanana ndi kabuleta, ndipo zimenezi zimakhala ndi kapampu kopanda magetsi kamene kamagunda potsatira kupuma kwa injini. Kampani ya Mikuni imapanga timapampu totere tambiri. Kapampu kameneka kamayezedwa sitata ikuzungulira, ndipo mafuta ayenera kutuluka mothumvuka mogwirizana ndi kuzungulirako. Akamangodontha, yang'anani kaye paipi yobweretsa kupuma kwa injini, chifukwa ikang'ambika kapena ikalowa oyilo pampu yabwinobwino imaoneka ngati yakufa.

Njinga zatsopano zambiri zilibe kabuleta n'komwe, ndi za injekishoni, kutanthauza kuti mafuta amapoperedwa mu injini pokankhidwa ndi pampu yamagetsi. Polaris inatulutsa Sportsman 700 ya injekishoni mu 2004, Suzuki inatsatira ndi KingQuad 700 mu 2005, ndipo Honda inabweretsa Rancher 420 mu 2007. Pa njinga zamtundu umenewu kulibe kambale koti mutulutsemo mafuta, ndiye choyamba ndi kumvetsera. Mukatsegula kiyi, pampu yamagetsi iyenera kulira masekondi awiri kapena atatu kenako n'kusiya. Ikapanda kulira, muyambe ndi fyuzi, relay (kaswichi kamagetsi koyatsa pampu) ndi mawaya olowa pa pampu, ndipo muyeze batire, limene liyenera kusonyeza mavolti pafupifupi 12.6 injini ili chete, n'kukwera kupitirira 13.5 ikamalira. Koma kulira kwa pampu sikutanthauza kuti ikukankha mokwanira. Pamafunika geji yoyezera mphamvu ya mafuta, ndipo nambala yoyenera muipeze m'buku la njinga yanu, chifukwa imasiyana. Zambiri zimakhala pafupi ndi 3 bar, imene ndi pafupifupi 43 psi. Chofunika kwambiri n'chofanana ndi chimene bambo Chisipanala anena, kuti muyeze vuto likuchitika. Pampu yotopa, kapena imene kasefa kake ka m'thanki kadzaza zinyalala, imasonyeza nambala yabwino injini ikamalira itaima, koma singano ya geji imagwa mukaipatsa moto wambiri kapena pampuyo ikatentha. Petulo wa m'thanki ndi amene amaziziritsa pampu yomizidwa m'katimo, choncho chizolowezi choyenda ndi timafuta ta pansi pa thanki chimaifupikitsa moyo.

Mlondamunda analembanso kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse, ndipo ndabwera kudzanena zimene ndapeza. Ndinatsatira ndondomeko ya bambo Chisipanala monga mmene anailembera. M'mawa kambale kodzaza kanatulutsa mafuta okwana masupuni aakulu ngati anayi, ndipo ndinalemba mzere pa botolo. Pa chitunda njinga inazima patatha mphindi 12, ndinatseka kampopi nthawi yomweyo, ndipo pulagi yakale inaonetsa moto wabuluu wamphamvu, wothetheka momveka. Nditamasula kabawuti ka pansi, munatuluka timafuta tosakwana supuni imodzi. Pamenepo nkhani ya koyilo ndi CDI inathera pomwepo.

Nditamasula chivindikiro ndinamva mpweya ukulowa, ngakhale kuti sunali wambiri. Kapaipi kopumira nditakazula ndinalephera kuuziramo ndi pakamwa, ndipo nditakatokosa ndi waya munatuluka dothi louma lotalika ngati chala, pamodzi ndi tizidutswa ta tizilombo. Ndinasangalala poganiza kuti ndamaliza, koma nditabwerera ku chitunda njinga inayenda mphindi 25 n'kuyambanso kujejema, ngakhale kuti ulendo uno sinazimiretu nditachepetsa moto.

Ndiye ndinayeza katsikidwe ka mafuta. Pa ON anayamba bwino, koma pasanathe masekondi 40 anachepa n'kukhala ngati ulusi, ndipo botolo la theka la lita linatenga mphindi zoposa zisanu ndi chimodzi. Pa RES ankangodontha. Kuchotsa fyuluta yatsopano kunasintha pang'ono chabe. Nditatsanula thanki n'kumasula kampopi, ndinapeza tisefa tonse tiwiri titakutidwa ndi utomoni wofiirira wosakanikirana ndi fumbi, moti kasefa ka RES kanali kosaoneka n'komwe mabowo ake, ndipo ka ON kanali kotseguka kunsonga kokha. Mayi Nangozo, mafuta a pansi pa thanki nditawasiya m'botolo lagalasi anaonetsa mzere wa madzi wokhuthala ngati chikhadabo, monga munanenera. Ndatsuka thanki, ndatsuka kampopi ndi burashi yofewa, ndasintha paipi, ndathira petulo watsopano, ndipo tsopano botolo likudzaza pa mphindi imodzi ndi theka. Dzulo ndakoka kangolo kodzaza kwa ola lathunthu pa chitunda chomwe chija popanda kujejema.

Katsala kavuto kamodzi. Injini ikatentha, ndikaima n'kusiya moto, imalira mosakhazikika kenako imazima pokhapokha nditakoka choki pang'ono, ndipo potsika chitunda nditasiya moto ekizozi imaphulika timaphokoso. Kodi zimenezi zikugwirizana ndi vuto loyamba lija, popeza kabuleta inatsukidwa kale kawiri?

Chisipanala anayankhanso kuti:

Zikugwirizana, bambo, chifukwa utomoni umene munaupeza pa tisefa ndi womwewo umene wakhala ukulowa m'kabuleta nthawi yonseyi. Makaniko wanu ankatsuka, koma mafuta oipa a m'thanki ankabwereranso tsiku lomwelo.

Kabuleta imagawa ntchito motsatira mmene mwakankhira moto. Injini ikamalira itaima mpaka pafupifupi kota ya moto, mafuta amadzera pa jeti yaing'ono. Kuyambira pamenepo mpaka magawo atatu mwa anayi, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi singano yaitali ya pakati, ndipo moto wonse umadalira jeti yaikulu. Poti njinga yanu ikukoka bwino pa chitunda koma ikufa mukasiya moto, jeti yaikulu ilibe mlandu. Kuphulika kwa ekizozi potsika ndi chizindikiro chinanso chakuti mafuta akuchepa pa njira ya jeti yaing'ono, imene kabowo kake ndi kakang'ono kuposa theka la milimita ndipo ndi imene imayamba kutsekeka petulo akakhalitsa.

Kupopera mankhwala otsukira jeti ili pamalo pake sikukwanira. Ichotseni ndi sikuludiraiva yokwana bwino pa mpata wake, chifukwa ndi ya mkuwa wofewa ndipo imaphwanyika mutu mosavuta, kenako muiyang'anitse ku dzuwa. Muyenera kuona kuwala kozungulira bwino, osati kachidutswa ngati mwezi wongooneka kumene. Ivikeni m'mankhwala otsukira kabuleta, muipope ndi mpweya, ndipo ngati utomoni ukukanirira gwiritsani ntchito kaulusi kamodzi ka waya wa kopa wofewa. Musalowetsemo singano yosokera kapena waya wachitsulo, pakuti mukakuza kabowoko ngakhale pang'ono jetiyo yawonongeka. Timabowo ta m'mbali mwake tionekenso tonse.

Pali kabawuti kena kosinthira kuchuluka kwa mafuta a njira yomweyi. Musanakamasule, kamangeni pang'onopang'ono mpaka kagunde mopepuka mukuwerenga kuti kazungulira kangati, mulembe nambalayo, kuti pobwezera mukaike pomwe kanali. Pokatulutsa samalani kasipuling'i, kawashala ndi kalabala kozungulira zimene zimakhala m'katimo, chifukwa zimagwa mosaoneka. Poperani mankhwala m'bowo la jeti yaing'ono ndipo muonetsetse kuti akutulukira pa timabowo ta pakhosi pa kabuleta, maso anu ali kutali.

Kabuleta ili m'manja choncho, pindani pang'ono labala wolumikiza kabuleta ndi injini kuti muone ngati ali ndi ming'alu, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umabweretsa zizindikiro zofanana ndendende ndi za jeti yotsekeka. Yang'ananinso nsonga ya kasingano ka fuloti ngati yadyeka mzere wozungulira. Mukabwezera zonse, tenthetsani injini mphindi 10 musanasinthe kabawuti kalikonse, ndipo ngati ikuzimabe mukasiya moto jeti ili yoyera komanso labala ali wabwino, muyeze mpata wa mavalavu injini itazizira, potsatira nambala za m'buku la njingayo.